Maso a Mdzukulu Wanu

Lachiwiri, pa 18 Juni

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndi kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani pokwera masitepe a kuntchito kwanu. Kuno tilipo ndithu. Kwazizira chaka chino kuposa chatha, moti ndatulutsa juzi ya malemu amayi ija, yomwe munkati imandikalambitsa. Mtengo wa mandimu wa kuseri kwa nyumba wabereka mpaka nthambi kugunda pansi.

Mudabwa kuona kalata ya papepala masiku ano a foni. Ndachitira dala. Pafoni mumalankhula nokha, ine ndikati nditsegule pakamwa mumati netiweki yavuta. Pepala silidula munthu mawu. Choncho khalani pansi, muvale magalasi anu, muwerenge mpaka pomaliza, mukwiye pambuyo pake.

Uthenga wanu wa mwezi watha unandipeza. Munati mpongozi wanu, mkazi wa mwana wanu woyamba, atenge khanda lake apite kwa amayi ake, asapondenso pakhomo panu mpaka magazi atayezedwa, ndipo ine monga mlongo wanu ndionetsetse kuti wakwera basi. Achimwene, basiyo sanakwere. Ali kwanga kuno, m'chipinda chija ndimasungamo mabuku, ndipo pamene ndikulemba pano ndikumumva akuimbira mwana. Sindinakumvereni, ndipo pa nkhani iyi sindidzakumverani. Zaka makumi asanu ndi ziwiri ndakhala ndikuti inde pa chilichonse chotuluka pakamwa panu. Ayi mmodzi yekhayu mundilole ndimufotokoze bwinobwino.

Inu mdzukulu wanuyu mumamudziwa pa chithunzi chimodzi, chomwe mlamu wanga, mkazi wanu, anakutumizirani atakulitsa maso okhaokha ngati umboni wa kukhoti. Ine ndinaliko tsiku limene anabadwa. Ndi kamtsikana kolemera, ka tsitsi lambiri, makutu ake opindika pamwamba ngati a malemu abambo athu. Khungu lake lada ngati lathu lomweli. Tsiku lachiwiri, ine ndi mlamu titaima pambali pa bedi, kanatsegula maso. Anali a buluu, Achimwene, buluu weniweni, wowala ngati thambo la m'mawa mvula itangokata. Namwino anaomba m'manja n'kuitana anzake kuti adzaone kukongola. Mlamu anaika pansi fulasiki ya tiyi yomwe anabweretsa, n'kutuluka panja.

Namwino uja anatiuza kuti maso a makanda ena amada akamakula, tidikire. Tinadikira. Mwezi unatha, wachiwiri, wachitatu, maso ali chomwecho, kuwala kokhakokha. Ndiye pakamwa pa anthu panatseguka. Mukudziwa kuti mpongozi wanu amagwira ntchito yolandira alendo kuhotela. Amayi a pamzere wathu akamuona akudutsa ankatsinana, wina n'kunena mokweza ngati akulankhula ndi mphepo, "Alendo ena kuiwalaiwala katundu m'mahotelamu!" Kushopu yometera nako mwana wanu sanapume. Makasitomala aja amamutcha a Mpala chifukwa cha mutu wake wonyezimira, ndiye wina atakhala pampando anamufunsa, "A Mpala, mwana wanu uja adzalankhula chinenero chanji?" Makina ometera anamuterereka, munthuyo anapita kwawo ndi kanjira pakati pa mutu. Kuyambira tsiku limenelo mwana wanu anayamba kugona m'shopu momwemo, pa benchi ya odikira.

Mlamu ndinayesa kulankhula naye. Anandiyankha akupukuta mbale, osandiyang'ana. "Alamu, ine ndabereka ana anayi, onse maso akuda. Amayi anga akuda, agogo anga akuda. Kwanu nakonso simunandionetsepo wa maso a mphaka. Mbuzi imabereka mbuzi." Inunso pafoni munati sukulu simunapite nayo patali, koma mukudziwa kuti wodzala chimanga sakolola mapira.

Tsopano ndifike pa tchimo langa, pakuti sindikulemba ngati munthu woyera m'manja.

Mwana atakwana miyezi itatu, ndine ndinaperekeza mpongozi wanu kusikelo, poti mlamu anati sangayende mumsewu ndi manyazi atawabereka kumbuyo. Namwino wa kusikelo atamuona mwana anatitumiza kwa dokotala wa ana, mayi wamfupi wa mawu otsika, wa magalasi olendewera pa chingwe. Anamuunika mwana ndi katochi, n'kuomba m'manja kuseri kwa mutu wake, uku ndi uku. Kenako anakoka mpando, n'kukhala moyang'anana nafe.

"Mayi, mwanyowa m'maso musanalowe muno, ndiye ndikudziwa zomwe akukunenani," anatero. "Mverani. M'diso la munthu mulibe utoto wa buluu. Utoto ndi umodzi, womwewu wotidetsa khungu ndi tsitsi. Ukachuluka, diso limada. Ukachepa kwambiri, kuwala kukagwera m'diso limaoneka la buluu, monga utsi wopyapyala umaonekera wa buluu chonsecho palibe anaupaka utoto. Kuchuluka kwa utotowo mwana amatengera kwa makolo onse awiri, ndipo malangizo ake m'thupi si amodzi, ndi ambiri. N'chifukwa chake bambo ndi mayi a maso akuda amatha kubereka mwana wa maso owala, onse awiri atasunga chinthu chomwe pa iwo eni sichinaoneke."

Mpongozi wanu anapumira m'mwamba ngati munthu amene amutula mtolo. Koma dokotala sanathere pomwepo.

"Palinso za kumtundu zina zomwe zimadzera mwa kholo limodzi lokha, ndipo sizituluka mofanana. Wina zimamugwira maso, wina tsitsi, wina khutu. Ndiye ndifunse. Kwanu kapena kwa bambo a mwanayu, alipo amene anabadwa ndi chigamba cha tsitsi loyera pamwamba pa chipumi? Kapena wosamva khutu limodzi chibadwire?"

Mpongozi wanu anaganiza, n'kupukusa mutu. Kenako anatembenukira kwa ine, maso ake ali ndi chiyembekezo chonse cha padziko. "Azakhali, nanga kwanuko?"

Ndinayang'ana kalendala ya pakhoma. Ndinati, "Palibe."

Achimwene, inu mukudziwa kuti alipo.

Mukukumbukira Lamlungu m'mawa, shopu ya abambo isanatsegulidwe? Ankatseka katani, n'kukukhazikani pa mpando wozungulira uja, atayala thabwa pa mikono yake kuti mutalike. Ankakufunditsani nsalu yoyera mpaka m'khosi. Ine ndinkagwira kambale ka dayi ndi manja awiri, ndikuopa kutaya. Iwo ankaviika mswachi wakale n'kumapaka pang'onopang'ono pamwamba pa chipumi chanu, pomwe tsitsi lanu linkamera loyera ngati thonje, kachigamba kokula ngati chikhatho cha khanda. Akathana ndi inu ankatembenukira kugalasi n'kudzipaka okha pamalo omwewo. Fungo la dayi uja linkatiyabwa m'mphuno, inu n'kumayetsemula, abambo n'kumati, "Khala bwino iwe, ndikupaka m'maso." Pomaliza ankatsuka mswachi, n'kutiloza tonse awiri nawo. "Za pampando uno zimathera pampando pompano."

Ndimawakumbukira ndi chifundo abambo athu, musaganize kuti ndikuwanyoza m'manda. Ali mnyamata anzawo ankawatcha Khwangwala, chifukwa cha choyeracho pakati pa chakuda. Amayi ena ankakoka ana awo iwo akamadutsa, ati mwana wobadwa ndi imvi amabwera ndi tsoka. Sukulu anaisiya atamuthyola dzino mnzawo wina wowaseka. Ine ndikuganiza kuti ngakhale ntchito yometa anaisankha chifukwa chomwecho, pakuti wometa zala zikamuda ndi dayi palibe amafunsa kuti wadaya yani. Analumbira kuti mwana wawo sadzatchedwa dzina la mbalame, ndipo lumbirolo analisunga ndi mswachi Lamlungu lililonse mpaka munakula n'kuyamba kudzipaka nokha. Chithunzi chanu cha chaka chatha ndili nacho pakhoma. Zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, tsitsi lili bii ngati nsapato ya msilikali.

Ndiye pali khutu lanu lakumanzere. Anthu mumawauza kuti mphunzitsi wina anakumenyani mbama muli sitandade fayifi. Mphunzitsi wosalakwayo mwamunamizira zaka zambiri. Khutu limenelo silinamvepo chibadwire. Ine ndinaphunzira kuyenda kudzanja lanu lamanja ndisanaphunzire kulemba dzina langa. Mukandikweza panjinga popita kusukulu ndinkapendekera kumanja kuti mumve nkhani zanga, ndipo tsiku lina tinagwera limodzi m'ngalande chifukwa cha kupendekerako. Munandinyamula kumsana mpaka kunyumba, n'kuuza amayi kuti wolakwa ndinu. Mlongo saiwala zotere. N'chifukwa chake pamaso pa dokotala uja pakamwa panga panatuluka mawu a abambo, osati anga.

Mwana wanu atabadwa ndi kachigamba komweko, inu simunafune za dayi. Munauza mlamu kuti azimumeta mpala, ndipo atakula munamuuza kuti anapsa ndi nyali ali khanda, n'chifukwa chake pamenepo pamamera zoyera. Iye anakhulupirira, nachita nazo manyazi, ndipo mpaka chaka chino m'mawa uliwonse asanamete munthu ankayamba wadzipala yekha ndi lezala. Mkazi wake sanamuonepo ndi tsitsi chikwatiranireni. Tinabisa bwino, Achimwene, mibadwo itatu. Tinabisa mpaka magazi athu omwe atatulukira pena, tinawakana kuti si athu.

Patatha masiku asanu ndi atatu chinenereni bodza langa, uthenga wanu unafika. Mlamu sanachedwe. Anatulutsa zikwama za mpongozi wanu m'chipinda chawo cha kuseri n'kuziika pakhonde, mwana wanu ali kushopu. Masana a tsiku limenelo ndinamva kugogoda. Nditatsegula ndinapeza mtsikanayu ali ndi mwana kumbuyo, chikwama kudzanja ili, beseni la matewera kudzanja linalo. Sanalire. Anagwada pakhomo n'kunena kuti, "Azakhali, ndingogona lero lokha, mawa ndiona kolowera. Ndabwera kwa inu chifukwa ndinu nokha m'banja muno amene simunandinamizirepo."

Mawu amenewo anandilasa kuposa kutukwana kulikonse. Ndinamulowetsa, ndinamufunditsira madzi osamba, ndinasuntha mabuku kuti matiresi akwane. M'mawa mwake tikumwa tiyi ndinamuuza zonse, za katani, za mswachi, za khutu lanu, za nyali yomwe sinaotche munthu. Anandimvetsera kapu ili m'manja osamwa.

"Chipsera chija?" anafunsa.

"Si chipsera, mwana wanga."

Anaika kapu pansi. Kenako anati, "Azakhali, munali pomwepo. Dokotala anafunsa, ine ndinakuyang'anani."

"Ndinali pomwepo."

"Masiku onsewa ndakhala ndikusanza chakudya ndi nkhawa, mkaka mpaka kuchepa."

Sindinafune kudzitchinjiriza. Anaimirira, n'kukatsuka kapu yake yekha, osalola kuti ndimulandire. Masiku awiri sanandilankhule kupatula moni. Zinandiyenera. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma kwathu kuno zatembenuka: nkhuyu tinadya akulufe, wopotedwa ndi mwana wa eni ake amene sanalaweko.

Tsiku lachitatu ndinavala nsapato n'kupita kushopu. Mudziwe kuti mpando wa abambo uja ulipobe, chikopa chake anachisoka ndi ulusi wa nsapato, ndipo galasi lija la mng'alu pakona silinasinthidwe. Pabenchi panali anthu atatu, kuphatikizapo atelala a khomo loyandikana aja, amene akalamba mpaka ulusi amawalowetsera m'singano ndi makasitomala.

"Eee, azakhali a shopu!" anatero atelala. "Mwabwera kudzametetsa ndevu?"

"Ndabwera kudzameta wometa. Kasokeni kaye, atelala, mutenge ndi anzanuwa."

Anatuluka akuseka. Ndinatseka katani, n'kumuuza mwana wanu kuti akhale pampando. Wawonda, Achimwene, kolala ya shati ikuchita kumuzungulira. Ndinamutembenuzira kugalasi n'kuika chala pamwamba pa chipumi chake.

"Apa unatani?"

"Ndinapsa ndi nyali, azakhali. Si mukudziwa?"

"Nyali yake iti? Nyumba imene unabadwiramo inali ya magetsi."

"Kaya, mwina anazima tsiku limenelo. Mukufuna chiyani kwenikweni? Anthu akudikira panja."

"Adikire. Iwe ndiwe wometa, mwana wa mwana wa wometa. Wagwira mitu ingati ya zipsera za moto?"

"Yambiri."

"Pa chipsera cha moto pamamera tsitsi?"

Ndinaona dzanja lake likukwera lokha kukasisita pamalopo, posalala bwinobwino, popanda khwinya ngakhale limodzi, pomwe m'mawa uliwonse amapalapo tsitsi lokhuthala ngati la pena paliponse. Zaka zonsezi akudziwa ndi zala zake kuti chipsera sichimera kanthu, koma mutu wake womwe sanaufunse, chifukwa amene anamuuza ndi bambo ake.

Ndinamufotokozera zomwe ananena dokotala. Anakwiya, monga mwana wanu ndithu. "Ndiye mukuti bambo anga ndi abodza?"

"Ndikuti bambo ako ndi amantha, monga analili agogo ako, monga ndilili ine. Iwenso wayamba bwino kutitsatira. Mkazi wako amutulutsira katundu pakhonde, iwe uli pano kupesa anthu ndevu."

Anangokhala chiyang'anire galasi. Ndinatsegula katani ndekha n'kubwerera kunyumba.

Sabata yomweyo tinabwerera kwa dokotala, ine ndi mpongozi wanu. Ndinalowa mutu uli pansi ngati mwana wa sukulu. Ndinati, "Adokotala, tsiku lija ndinanama." Sanandikalipire. Anangotenga cholembera n'kujambula papepala abambo athu, inu, mwana wanu ndi khandali, mzere umodzi wotsika, n'kumalemba pambali pa aliyense: tsitsi, tsitsi ndi khutu, tsitsi, maso. Anati ndi chinthu chodziwika kwa madokotala, chili ndi dzina lake lalitali lomwe lilime langa lakana kulinyamula. Si tsoka, si temberero, ndipo si mlandu wa munthu. Tizigawo ta thupi tomwe timapanga utoto uja timafunikanso mkatikati mwa khutu kuti munthu amve, ndiye pomwe sitinafike mwana ali m'mimba, pamenepo pamayera kapena pamagontha. Kholo lokhala nacho likhoza kupatsira mwana uyu, wina osamupatsira. Ine ndi ana anu atatu enawo chinatilumpha, kapena chinatikhudza mochepa moti sitinazindikire.

Anatitumiza kukayezetsa makutu a mwana. Anamuika tizipangizo ali mtulo pamiyendo pa mayi ake. Lakumanzere likumva bwino. Lakumanja silikumva. Mdzukulu wanu wakutengerani, kungoti wasintha mbali, ndiye tsiku lomwe mudzayende naye mumsewu simudzavutika kugwirizana woyenda kuti. Dokotala wati adzalankhula ndi kuphunzira ngati mwana wina aliyense, bola tizimuonetsa kuchipatala nthawi ndi nthawi, ndipo aphunzitsi ake adzauzidwe poyera kuti azimukhazika pati. Poyera, Achimwene. Inu munakhala kumbuyo kwa kalasi zaka zisanu ndi zitatu mukumva theka la zonena aphunzitsi, n'kumakwapulidwa kuti ndinu wamwano, chifukwa panalibe wololedwa kunena. Mukanakhala kutsogolo, kudzanja loyenera, mwina bwenzi lero musakunena kuti sukulu simunapite nayo patali. Ndikaganiza zimenezi ukali wanga pa inu umasanduka chisoni, koma sindikulola kuti chisonicho chindifooketse. Mwana uyu sitimubisira kanthu.

Za kuyeza magazi, dokotala anati n'zotheka ngati banja likufuna. Ndinamufunsa mpongozi wanu tili m'njira. Anati, "Ayeze, azakhali, ine sindikuopa. Koma akayeza asadzayembekeze kuti pepalalo ndi limene lidzandibweze."

Loweruka lapitali masana mwana wanu anabwera kwanga, atavala chipewa cha ubweya mpaka m'makutu. Mkazi wake anali pakhonde akusita yunifolomu ya kuntchito, poti tchuthi chake cha uchembere chikutha mwezi uno. Mwana anali pamphasa akumenya miyendo m'mwamba. Ine ndinali pawindo la kukhitchini, ndipo sindinama kuti sindinamvetsere.

"Ndabwera kudzakutengani," anatero.

"Mwabwera ndi chiyani chatsopano?"

Anavula chipewa. Milungu itatu osapala, tsitsi lamera lakuda mutu wonse, ndipo pamwamba pa chipumi pali kachigamba kaja, mbuu, pamalo penipeni pa inu ndi pa abambo. Zinali ngati abambo alowa pageti ali mnyamata, asanaphunzire kuchita manyazi.

Mpongozi wanu anaimika simbi, n'kumuyang'ana nthawi yaitali. "Mwakhala ngati mwagunditsa mutu pa thumba la ufa," anatero. Kaphwete kanamuthawa pang'ono, koma anakabweza msanga. "Ndinakuuzani ndili pabedi kuchipatala, mabala asanapole, kuti mwanayu ndi wanu. Munayang'ana pansi. Amayi anu akunditulutsira katundu, munali kuti? Lero tsitsi lalankhula, mwakhulupirira. Ndiye mulikwatire tsitsilo, lizikuchapirani."

Mwana wanu sanadziteteze. Anakhala pansi pa simenti, n'kunena kuti, "Ndinalakwa. Ndilibe mawu ena." Kenako anapempha kunyamula mwana. Aka kanali koyamba kumunyamula chichokereni kuchipatala. Anamugwira molimba ngati wanyamula galasi la shopu, mwana n'kumamuyang'anitsitsa ndi maso ake aja. Apo ndinachoka pawindo, poti zina si zoonerera.

Chiyambireni Lolemba mwana wanu akugwira ntchito mutu uli pamtunda, wopanda chipewa. Akuti atelala atamuona anaponya tepi pansi n'kufuula, "Eee! A Khwangwala auka!" Ndiye kuti ankadziwa, Achimwene. Akuti msewu wonse wa akuluakulu unkadziwa, ankangowalemekeza abambo posanena. Katani yonse ija tinkatsekera anthu odziwa kale. Mwana wanu akuti anaseka nawo, n'kuwauza atelala kuti akhale pampando awachotse imvi zawo zomwe zilibe ndi mbiri yomwe.

Mlamu anabwera Lamlungu, koma anaima pageti osalowa. Anati, "Tsitsi ndi tsitsi, maso ndi maso, ine za madokotala sindizidziwa." Koma ankalankhula akusuzumira kukhonde komwe kunali mwana, ndipo m'chikwama mwake ndinaona timasokosi toluka tomwe sanatulutse. Pochoka anati, "Ine ndikudikira mawu a bambo a kunyumba." Musamuweruze kwambiri. Iye anameta mwana wake zaka zonse zija chifukwa inu munatero, ndipo anatulutsa zikwama chifukwa inu munatero.

Ndiye zonse zabwerera kwa inu. Mpongozi wanu wanena mawu amodzi, ndipo sakuwasintha: amene anamuthamangitsa ndi amene amuitane. Akumulola mwamuna wake kubwera kudzaona mwana akatseka shopu, koma pakhomo panu wati sapondapo ndi mawu a mthenga. Ine ndagwirizana naye. Mutu ukakula sulewa nkhonya, Achimwene. Munalamula ndinu, muli kutali, mutangoona chithunzi. Tsopano mulembereni kalata ndi dzanja lanu. Musatume mlamu, musatume ine, musatumize kauthenga ka pafoni ka mizere iwiri koti zapitazo zapita. Mumuuze kuti munamulakwira, ndipo mumuuze nokha za pamwamba pa chipumi chanu. Ndikudziwa kuti kwa inu zimenezi n'zolemera kuposa matumba a simenti omwe mwanyamula moyo wanu wonse. Koma mtsikanayu wanyamula dzina la uhule miyezi inayi chifukwa cha chinsinsi cha eni ake.

Mukakana, dziwani kuti kwanga kuno malo alipo. Mabuku ndawapititsa kale pabalaza. Akhala nane mpaka mwana adzayambe kuyenda, mpaka adzayambe sukulu ngati kuli kofunika, ndipo mukadzabwera pa tchuthi mudzadya kwanu, koma mdzukulu wanu woyamba mudzamuonera pa mpanda wanga. Munganene kuti ndakuchititsani manyazi, kapena kuti ndaswa mawu a abambo. Ndawaswadi. Ndinawasunga zaka zoposa makumi anayi, ndipo tsiku limene anafuna kudya mwana wosalakwa ndinaona kuti akwana. Musaope kuti ndizilemba m'nyuzipepala monga ndimachitira ndi nkhani zanga zina zija. Izi ndalembera inu nokha, chifukwa ndinu mchimwene wanga mmodzi yekha, ndipo sindikufuna kuti mukalambe muli wolakwa.

Muzivala zofunda, ndipo mankhwala a bondo musamadumphitse. Atelala akupereka moni, ati mubwere adzakuyezeni suti asanafe. Ana anu atatu aang'ono ali bwino, wamkazi uja amabwera mozemba kudzanyamula mwana akaweruka kusukulu. Mwana wanu woyamba wati ndikupatseni moni, ndipo wati sakukusungirani mangawa, koma ali ndi mafunso omwe adzakufunseni yekha mukadzakhala pampando wake. Mdzukulu wanu wadzuka tsopano, akuyamwa chibakera, moni wake ndi malovu omwe adontha pakona ya pepalali.

Mpongozi wanu ndamufunsa ngati ndilembe moni wake. Waganiza, kenako wati ndisalembe, koma ndisiye mpata. Ndiye mpata ndi umenewu m'munsimu. Wati adzaudzaza yekha kalata yanu ikafika.



Ndine mlongo wanu wokukondani,
amene sanasiye kukulemekezani ngakhale wakana.